Nsapato zofiira ndi dzina la galu: mafunso omanga wofunsa

Wapolisi wavala nsapato zakuda. Wakhala moyang'anana ndi mwana wa zaka zisanu m'chipinda mopanda munthu wina, ndipo funso lake loyamba silikhudza n'komwe nkhani yomwe yabweretsa mwanayo. Akufunsa kuti iye atanena kuti nsapato zakezo n'zofiira, zingakhale zoona kapena ayi. Umu ndi momwe mafunso amayambira m'chikalata chotchedwa NICHD Protocol, chomwe apolisi ndi ogwira ntchito zoteteza ana m'mayiko angapo amatsatira pofunsa mwana yemwe akuganiziridwa kuti wachitidwa nkhanza. Dzinalo ndi la bungwe la boma la America lofufuza za umoyo ndi kakulidwe ka ana, National Institute of Child Health and Human Development, komwe Michael Lamb ankagwira ntchito. Anachikonza kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pamodzi ndi Kathleen Sternberg, Yael Orbach, Irit Hershkowitz ndi Phillip Esplin. Chinalembedwa m'Chingerezi, choncho zomwe ndikupereka pano ndi tanthauzo la mafunsowo, potsata mtundu womwe unasindikizidwa mu 2007.

Ukachiwerenga koyamba chimamveka chopanda mchere. Ziganizo zake n'zazifupi, zimangobwerezabwereza, ndipo mawu oti "ndiuze zonse" amabwera mpaka kutopetsa. Koma ukachibwereza mofatsa umazindikira kuti yemwe olembawo ankamuopa si mwana wabodza ayi, koma munthu wamkulu wofunsayo. Pafupifupi mzere uliwonse unalembedwa kuti umuchedwetse, umugwire lilime, kapena umulande mpata woika mawu ake m'kamwa mwa mwana.

Mantha amenewa sanangobwera. Mu 1983 mayi wina wa ku Manhattan Beach ku California anakadandaula kupolisi kuti mwana wake wachitidwa zachipongwe pasukulu ya mkombaphala ya McMartin. Apolisi analembera kalata makolo pafupifupi 200. Kalatayo inatchula dzina la woganiziridwayo, Ray Buckey, inandandalika zonyansa zomwe mwina anachita, n'kupempha makolowo kuti afunse ana awo. Aliyense amene ndi kholo angathe kulingalira momwe mafunsowo anayendera m'nyumba zimenezo usiku umenewo. Pambuyo pake ana pafupifupi 400 anafunsidwa kubungwe la Children's Institute International. Ofunsa ankauza mwana kuti anzake anena kale, ankayamikira wovomera, ndipo wokana ankamubwerezera funso lomwelo. Nkhani zinakula mpaka kufika pa ngalande zobisika pansi pa sukulu, zomwe ofufuza a boma atakumba sanazipeze. Mlandu unatha mu 1990 popanda wopezeka wolakwa, Buckey atakhala kale zaka zisanu m'ndende. Ena mwa anthu omwe anasankhidwa kugamula mlanduwo ananena poyera kuti matepi a mafunsowo ndiwo anawalepheretsa kudziwa zomwe zinachitikadi. Mu 1998 Sena Garven, James Wood ndi anzawo anayesa njira zomwezo pa ana a zaka zitatu mpaka zisanu ndi chimodzi, powafunsa za mlendo yemwe anangobwera kusukulu kwawo kudzawawerengera nthano. M'mphindi zochepa chabe anawo anavomera zinthu 58 mwa 100 zilizonse zabodza zomwe ankamunamizira mlendoyo, pomwe anzawo omwe anafunsidwa mafunso okopa okha, popanda kuyamikira ndi kukakamiza kuja, anavomera 17.

Tibwerere m'chipinda muja. Asanafike pa nsapato, wofunsa amanena dzina lake, ntchito yake, tsiku, nthawi ndi malo. Kenako amaloza kamera ndi makina ojambulira mawu, n'kufotokoza kuti zilipo chifukwa nthawi zina iye amaiwala. Chinthu choyamba chomwe wamkuluyu akuulula za iye mwini ndi chofooka chake. Izi si zongodzichepetsa. Mwana amadziwa mtundu umodzi wokha wa funso la munthu wamkulu, funso lomwe yankho lake wofunsayo ali nalo kale. Aphunzitsi akafunsa kuti ziwiri kuphatikiza zitatu n'zingati, sakufuna kuphunzira masamu. Amayi akafunsa kuti wanyambita shuga ndani, awona kale timibulu pamilomo. Choncho mwana amaphunzira msanga kufunafuna yankho pankhope ya wofunsa. Chikalatachi chikufuna kutembenuza zimenezi, kuti mwana amve kuti lero wodziwa ndi iye, ndipo bambo wa yunifolomuyu sanalipo pomwe zinkachitika.

Funso la nsapato lili ndi nzeru ziwiri. Silipempha mwana kuti afotokoze tanthauzo la choonadi, zomwe zingavute ngakhale ophunzira a kuyunivesite. Limangomuonetsa chinthu chomwe chili pamaso pake. Nzeru inayo n'njakuti yankho loyamba lolondola lomwe mwana amapereka m'chipindamo ndi lokana zomwe wamkulu wanena. Pambuyo pake m'pomwe wofunsa amafunsa ngati zingakhale zoona atanena kuti wakhala pansi, ndipo apa yankho ndi lovomera. Mayankho awiri onsewo alowa m'chipinda, ndipo palibe lomwe lakwiyitsa munthu.

Kenako pamabwera galu. Wofunsa amauza mwana kuti akapanda kudziwa yankho angonena kuti sakudziwa, ndipo amamuyesa pomufunsa dzina la galu wake, wa wofunsayo. Ana ambiri amaponya dzina, kaya Bruno kaya Tiger. Chikalatachi chinakonzekeratu zimenezi: wofunsa auze mwanayo kuti sakulidziwa dzinalo popeza samudziwa iye, ndipo asamalote yankho. Onani chomwe mwana akudzudzulidwira apa. Kusukulu amakalipiridwa akakhala chete, kuno akukonzedwa chifukwa choyankha. Mu 1980 Martin Hughes ndi Robert Grieve anafunsa ana a zaka zisanu ndi a zaka zisanu ndi ziwiri mafunso opanda mutu, monga ngati mkaka ndi waukulu kuposa madzi, kapena ngati mtundu wofiira ndi wolemera kuposa wachikasu. Pafupifupi onse anayankha, ena n'kuperekanso zifukwa. Mwana saona kuti funso la wamkulu lingakhale lopusa. Amaona kuti wopusa ndi iye ngati alephera kuliyankha.

Lamulo lotsatira ndi lomwe ndikuliona kuti ndi lolemera kuposa onse. Wofunsa amati akanena zolakwika mwanayo amuuze, ndipo amayesa pomutchula mnyamata wa zaka zisanu kuti ndi mtsikana wa zaka ziwiri. Pansi pake pali kalangizo kakang'ono kopita kwa wofunsa: mwana akangokana koma osakonza, funsolo libwerezedwe. Kupukusa mutu sikukwana. Mwanayo anene ndi pakamwa pake kuti ndi mnyamata ndipo ali ndi zaka zisanu. Chifukwa chake chimaoneka patsogolo, wofunsa akasokoneza dzina, akati kuchipinda pomwe mwana anati kubafa, akati usiku pomwe anati madzulo. Cholakwa chotere chikadutsa osakonzedwa chimalowa m'lipoti, ndipo tsiku la kukhoti loya wa woimbidwa mlandu amachitola n'kunena kuti mwanayu akudzitsutsa yekha.

Tsopano talingalirani chiganizo chimenechi chikunenedwa kwa mwana wa ku Mchinji kapena ku Chipata. Kuyambira pomwe anayamba kuyenda waphunzitsidwa kugwada popereka madzi, kulandira ndi manja awiri, kuyang'ana pansi akulu akamalankhula, ndi kuyankha kuti "eya" ngakhale asanamvetse. Mwana wokonza mawu a wamkulu timamutcha wamwano, ndipo sitifunsa ngati wakonza zoona. Amenewa ndi maleredwe omwe ineyo sindikuwanyoza, chifukwa amasunga zambiri pakati pathu. Koma munthu sangaganize kuti chiganizo chimodzi, chonenedwa ndi mlendo m'chipinda chachilendo, chingamasule zomwe zamangidwa kwa zaka zisanu.  Kwa mwana wathu ndikuganiza kuti kulakwitsa dala kamodzi sikukwana. Wofunsa alakwitse kawiri, katatu, atchule mbuzi pomwe mwana anati nkhuku, mpaka mwanayo aseke n'kumukonza mosaopa. Akhale naye pamphasa ngati kuli kotheka, ndipo asawerenge maso oyang'ana pansi ngati chizindikiro cha bodza, popeza mwana amene akumuyang'ana m'maso ndiye amene waswa mwambo.

Malamulo akatha, chikalatachi sichithamangira nkhani. Wofunsa amapempha mwana kuti amuuze zomwe amakonda kuchita, ndipo amachenjezedwa kuti asakhazikike pa za pa TV, mafilimu ndi nkhani zopeka. Kenako amasankha tsiku lina laposachedwa, la chikondwerero kapena loyamba sukulu, n'kupempha mwana kuti anene zonse zomwe zinachitika tsikulo. Phwando la tsiku lobadwa, lomwe lili pakati pa zitsanzo, ana ambiri akumudzi sanalionepo, koma malowo anasiyidwa otseguka. Chinkhoswe cha achemwali, Khirisimasi kapena Eid zingagwire ntchito yomweyo. Chomwe chimagwira paliponse ndi pempho loti mwana afotokoze za dzulo, kuyambira pomwe anadzuka mpaka pomwe anakagona.

Woonera angati apa akungocheza kuti mwana amasuke, koma ndi sukulu. Tiyerekeze mwana wati anapita kumjigo ndi achemwali ake. Wofunsa wosaphunzira amalumphira: munatunga zidebe zingati, kunali anthu ambiri, munabwera nthawi yanji? Mwana amayankha kuti ziwiri, eya, masana, ndipo waphunzira kuti m'chipinda muno wamkulu ndiye woyendetsa, iye ntchito yake n'kuponya liwu limodzi. Wotsatira chikalatachi amangoti wanena kuti unapita kumjigo, ndiuze zonse za kumjigoko, kenako n'kudikira. Kudikirako n'kovuta kwa munthu wamkulu kuposa kufunsa. Mwana akayamba kunena za mzere wa zidebe, za mayi wina yemwe anawadutsa, za madzi omwe anamutayikira pamalaya, wofunsa amangoti kenako chinachitika n'chiyani. Sternberg ndi anzake anapeza mu 1997, pofunsa ana ku Israel, kuti ana omwe anakonzekeretsedwa ndi mafunso otseguka otere ananena zinthu zochuluka kuwirikiza kawiri ndi theka pa yankho lawo loyamba la nkhani yeniyeni, poyerekeza ndi omwe anakonzekeretsedwa ndi timafunso tachindunji.

Pakatikati pa chikalatachi pali mafunso asanu ndi anayi omwe anasanjidwa ngati makwerero otsikira m'chitsime: sutsika sitepe yachiwiri ngati wapeza madzi pa yoyamba. Loyamba limati wofunsa wamva kuti mwina china chake chinamuchitikira mwanayo, ndiye anene zonse kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Mulibe dzina la munthu, mulibe malo, mulibe mawu oti choipa, ndipo "mwina" uja akusiya khomo lotseguka kuti mwana anene kuti palibe chinachitika. Mwana akakhala chete, wofunsa amamufunsa chifukwa chomwe akuganiza kuti amubweretsera kuno. Akakhalabe chete, amatchula kuti wamva kuti analankhula ndi adokotala kapena aphunzitsi, ndiye anene zomwe anakambirana. Kenako, ngati zilipo, amatchula zipsera kapena mabala omwe akuoneka. Kenako amafunsa ngati pali wina yemwe wakhala akumuvutitsa, ngati china chinachitika pamalo akutiakuti, ngati wina anamuchita zomwe iye akuona kuti sizinali zabwino. Sitepe iliyonse ikuwonjezera pang'ono zomwe wamkulu wabwera nazo, ndipo iliyonse ndi yoopsa kuposa yam'mbuyo.

Lisanafike funso lachisanu ndi chitatu pali malangizo omwe mwana sawamva, chifukwa ndi a wofunsa yekha: aime kaye, adzifunse ngati n'koyenera kupitiriza kapena apume. Akasankha kupitiriza, angathe kutchula mwachidule zomwe zikuganiziridwa, komabe osatchula dzina la woganiziridwayo. Kalata ya apolisi a ku Manhattan Beach inayambira kupitirira pomwe makwerero awa amathera. Inapereka dzina ndi zochita zonse tsiku loyamba, m'manja mwa anthu omwe mitima yawo inali itasweka.

Mwana akayamba kunena, wofunsa amagwiritsa ntchito mawu a mwanayo, osati ake. Izi n'zofunika kwambiri kwathu kuno, komwe mwana amaphunzitsidwa kuti kutchula ziwalo zobisika pamaso pa akulu n'kutukwana. Iye anganene kuti amalume anamuchita zopusa. Wofunsa asamasulire yekha mawuwo m'chinenero cha kukhoti, koma abwezere kwa mwiniwake: wanena kuti anakuchita zopusa, ndiuze zonse za zopusazo. Funso la kuchuluka kwake nalonso linasulidwa mosamala. Safunsa kuti kangati, popeza mwana wa zaka zinayi angatole nambala iliyonse kuti athane nalo. Amafunsa ngati zinachitika kamodzi kapena kopitirira kamodzi, kenako amapempha za nthawi yomaliza, yoyamba, ndi ina yomwe akuikumbukira bwino. Mafunso a eya kapena ayi amaloledwa kumapeto, wofunsa atapuma n'kuona zomwe zikusowa, ndipo lililonse limatsatiridwa ndi pempho loti mwana afotokoze yekha. Mu 2003 Lamb ndi anzake anaonetsa kuti ngakhale ana a zaka zinayi, akafunsidwa motere, pafupifupi theka la zomwe amanena limachokera ku mafunso otseguka, zomwe zinatsutsa chikhulupiriro choti mwana wamng'ono sanganene kanthu osamukoka.

N'kofunikanso kuwerenga zomwe mulibe. Mulibe funso loti bwanji sunakuwe, bwanji sunanene msanga, unkafuna chiyani kumeneko. Awa ndi mafunso oyamba kutuluka m'kamwa mwa kholo lodzidzimuka, ndipo mwana amawamva ngati mlandu wake.

Chikalatachi chili ndi chilema chake, ndipo olemba ake anachivomereza. Mtundu wa 2007 ndi wozizira. Mwana wamantha, yemwe womuchita nkhanzayo ndi yemwe amagula ufa pakhomo, amalandiridwa ndi kamera, dzina la ntchito ndi mndandanda wa malamulo. Poopa kukopa mwana, ofunsa ena ankaopanso kumulimbitsa mtima. Mtundu wokonzedwanso unaika kucheza patsogolo pa malamulo, n'kulola mawu otonthoza malinga ngati sakuyamikira zomwe mwana wanena koma khama lake. Hershkowitz, Lamb ndi Carmit Katz anafalitsa mu 2014 zomwe anapeza ku Israel pa ana omwe panali umboni wina woti anachitidwadi nkhanza ndi achibale: ndi mtundu wakale pafupifupi 50 mwa 100 alionse ananena, ndi watsopano pafupifupi 60. Otsalawo anatuluka osanena kanthu, ngakhale zinawachitikira. Chikalatachi chimalolera kutaya kumeneko m'malo mofinya mwana, ndipo ine ndikugwirizana nacho, ngakhale sindinganene kuti mtengo wake ndi wochepa.

Kafukufuku wa nkhanza zochitira ana yemwe anachitika m'Malawi mu 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse, ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri, anachitidwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18. Mwana wotere akamafika ku Victim Support Unit kupolisi kapena ku Chikwanekwane kuchipatala, amakhala atafunsidwa kale ndi amayi, azakhali, agogo, mwinanso pabwalo la amfumu anthu akumvetsera. Aliyense anafunsa mwachikondi, ndipo aliyense anasiyamo liwu lake. Wofunika kwambiri kumva phunziro la makwerero aja ndi munthu woyamba kumva nkhaniyo, yemwe sadzaona chikalatachi.

Tisadzinamize kuti zonsezi ndi za ana okha. George Bishop ndi anzake anafalitsa mu 1980 zomwe anapeza pofunsa akuluakulu ku Cincinnati ngati lamulo lotchedwa Public Affairs Act la 1975 lichotsedwe. Lamulo lotero kunalibe, koma pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anapereka maganizo ake. Ili ndi dzina la galu lomwe lija, loponyedwa ndi munthu wandevu. Mu 1974 Elizabeth Loftus ndi John Palmer anaonetsa ophunzira filimu ya ngozi ya magalimoto. Ena anafunsidwa za liwiro la magalimotowo pomwe anaphwanyana, ena pomwe anagundana. Patatha sabata, 16 mwa 50 a gulu loyamba anati anaona magalasi osweka, pomwe a gulu lachiwiri anali 7. Mufilimumo munalibe magalasi osweka. Ndikamamva mtolankhani pamsika akutambasulira maikolofoni mayi wogulitsa tomato n'kumufunsa ngati sakuona kuti zinthu zafika poipa, ndimadziwa kuti yankho lomwe liulutsidwe madzulo analemba ndi mtolankhaniyo. Mayiyo wangoperekapo ulemu kwa mlendo.

A Afrobarometer, omwe akhala akufunsa anthu a m'mayiko a mu Africa maganizo awo kuyambira 1999, ndipo kuno amagwira ntchito ndi Centre for Social Research ya ku Zomba, amatseka ndi funso lomwe ndimalikonda: mukuganiza kuti watituma ndani? Ngakhale wofunsa amakhala atanena poyamba kuti sakuimira boma kapena chipani, anthu ochuluka ndithu amayankha kuti boma. Funsolo silikonza mayankho omwe aperekedwa kale, koma limathandiza wowerenga zotsatira kudziwa yemwe woyankhayo ankaganiza kuti akulankhula naye.

Chomwe chimavuta kwambiri ndi chizolowezi cha wofunsa. Lamb ndi anzake anatsatira ofunsa omwe anaphunzitsidwa chikalatachi ndipo ankachigwiritsa ntchito bwino pomwe matepi awo ankamvetseredwa ndi kukambidwa kawirikawiri. Anafalitsa mu 2002 zomwe zinachitika kuyang'anirako kutasiyidwa: m'miyezi yochepa mafunso otseguka anachepa, a eya kapena ayi anachuluka ndipo anayamba kubwera msanga, ndipo ana ankanena zochepa. Anthuwo anali omwewo, odziwa ntchito, pepala lili m'manja. N'chifukwa chake olemba ake amalimbikira kuti maphunziro a sabata imodzi sakwana, ndipo wofunsa azikhala pansi ndi mnzake mobwerezabwereza, kumvetsera tepi ya mafunso ake, n'kuwerenga kuti walankhula kwambiri ndani.